Aphunzitsi a Makina

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 pa sekondale yoyendera kwathu ku Bowe, ndipo sindinalembepo chinthu chachitali kuposa chimangirizo cha mayeso. Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire. Ndalemba chifukwa pakamwa zimandikanika. Anthu akandifunsa za ku Joni ndimangomwetulira, iwo n'kumati ndikubisa chuma.

Bambo anga anachokera ku Phalombe kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya, ndipo ndi komwe anapezana ndi amayi. Munda wawowawo analibe. Atamwalira anatisiyira njinga yopanda mabuleki ndi chinthu china chomwe amayi ankachitchula kuti diso. Pa shedi yosankhira fodya bambo ankangotambasula tsamba kamodzi, n'kudziwa mulu wake, pomwe anzawo akulitembenuza uku ndi uku. Ine ndinakulira pambali pawo ndikumanga ndindi za fodya, ndipo diso lija ndinalitengera. Ndi chokhacho chomwe anthu anandiyamikirapo.

Malume anga, a Chikuse, ndi achimwene awo a amayi, eni mbumba yathu. Anakhala zaka zambiri ku Joni, dera la Kepi, pa shedi yaikulu yolongedza maapozi. Atabwera kutchuthi anandipeza ndikusankha fodya wa eni ake pa ganyu. Anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Iwe, ukuwonongeranji diso pa fodya?" anatero. "Fodya akutha uyu. Koma anthu sadzasiya kudya zipatso, ndipo chipatso chilichonse chimafuna munthu wochiyang'ana. Ndikutenga."

Ndinali ndi chifukwa changa chovomerera msanga. Dzina lake ndi Tiyamike. Tinkaimba kwaya imodzi. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, wa banja lija la ku Mvera lomwe agogo, ana ndi adzukulu onse anagwirapo choko. Mwana wa tenanti sakanangofika pakhomo lotere ndi manja okha. Ndisananyamuke ndinamupatsa chikole, chitenje chobiriwira ndi ndolo. Analandira ndi manja awiri, n'kunena akuyang'ana pansi:

"Mukapite, mukabwere. Mukadzabwera mudzatumize malume anu, akwathu adzawalandira."

Choncho ulendo wanga wonse unali wa chinthu chimodzi: ndikapeze poimira, ndibwere, malume akandiimire ngati nkhoswe.

Za ulendo wa basi sindinena zambiri. Tinadutsa Dedza, Tete, Zimbabwe, mapazi atatupa, ndipo pa chipata chilichonse malume ankati, "Iwe khala chete, ndiyankhula ndine." Kukhala chete ndinkakutha.

Tinkagona m'nyumba zazitali kuseri kwa shedi, zomwe kale zinali zosungiramo mabokosi. Kuzizira kwa ku Ntchisi ndinkakuyesa kuzizira, koma kumeneko nsonga za mapiri zinkachita kuyera. Amalawi tinalipo ambiri ndithu, ndipo tinkaphika pamodzi ufa wa m'sitolo wopanda fungo la chimanga. Bedi loyandikana ndi langa linali la Lemani wa ku Mangochi, munthu wosatha kutseka pakamwa. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Chikuse, mwatibweretsera m'busa kapena wantchito? Taonani m'mene wapindira bulangete!"

Ntchito yake inali iyi. Maapozi ankabwera pa lamba woyenda, atatsukidwa, akugudubuzika, ndipo ife tinkaima mbali zonse ziwiri. Labwino lipite kunja kwa dziko, lapakati ligulitsidwe konkuno, loipa likafinyidwe juwisi. Unkaima kuyambira m'mawa mpaka miyendo kuchita dzanzi. Masabata oyamba ndikatsinzina ndinkaonabe maapozi akuyenda. Malume ankaima moyang'anana nane. M'khosi ankavala kachingwe kokhala ndi mphete za pulasitiki zoyezera kukula kwa chipatso, koma sindinawaonepo akuzigwiritsa ntchito. Ankangozivala monga mkulu wa mpingo amavalira tayi.

Sipanapite nthawi, kapitawo wathu, mayi wamtali yemwe tonse tinkangomuti Madamu, anayamba kuima kumbuyo kwanga n'kumagwedeza mutu. Malume ankanyadira. "Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyu," ankauza aliyense, ngakhale amene sanafunse. Zomwe ndinkatumiza kumudzi zinafolera nyumba ya amayi ndi malata. Tiyamike ankandijambulira mawu pa foni ya mnzake, kundiuza nyimbo zatsopano za kwaya ndi amene wakwatiwa. Zaka zimenezo ndinkagona ndi mtima umodzi.

Kenako kunabwera anyamata ena a mumzinda, ovala majekete ofewa, atanyamula malaputopu. Anamanga chibokosi chachitsulo pamwamba pa lamba mmodzi, m'kati mwake muli magetsi owala ndi makamera. Madamu anatisonkhanitsa n'kunena kuti akufuna munthu mmodzi wa diso labwino, wodziwa kuwerenga Chingerezi pang'ono, woti athandize alendowo. Ine ndinayang'ana pansi. Ndi malume amene anandikankha pamsana.

"Pita iwe. Mwayi uwu. Ukufuna kudzafera pa lamba ngati ine?"

Anandipatsa mpando. Ndikunena izi chifukwa chiyambire ndinali ndisanagwirepo ntchito nditakhala pampando. Munali m'kachipinda kofunda, ndipo patsogolo panga panali kompyuta yoonetsa chithunzi cha apozi limodzi. Ine ndinkadina chobiriwira, chachikasu kapena chofiira, n'kuzunguliza ndi chala pomwe pali vuto: apa lapsa ndi dzuwa, apa lalumidwa ndi kachilombo, apa lagundidwa. Likachoka limenelo linkabwera lina. Mkulu wa anyamata aja, wandevu zofiirira, anandigwira paphewa nati makinawo ali ngati mwana wa Sitandade 1, sadziwa kanthu, ndipo ine ndine mphunzitsi wake.

Mawu amenewo ndinawatenga monga analili. Madzulo ndinawauza anzanga, ndipo Lemani anagwa pabedi ndi kuseka.

"Aphunzitsi! Imani nonse, aphunzitsi alowa! Nanga mwana wanu wakhoza bwanji lero? Akavuta mumukwapule, ife tikugwirirani miyendo."

Ndinawauzanso amayi pa foni. Iwo sanamve za makina, anangomva za uphunzitsi, ndipo Lamulungu lisanafike Bowe yense anali atadziwa kuti mwana wa tenanti uja ndi mphunzitsi ku Joni. Tiyamike anati bambo ake anaseka mokondwa, nati, "Kani mnyamatayu ndi wa m'banja mwathu kale." Sindinakonze mawuwo. Sanali bodza, ndipo anali okoma.

Mwana wanga poyamba anali mbuli. Ankataya maapozi abwino chifukwa cha kadontho ka madzi, n'kulola owola kudutsa. Anthu pa lamba ankamuseka. Ine zinkandipweteka ngati akuseka mwana wanga weniweni, ndipo ndinkalimbikira. Zithunzi zikandivuta ndinkapita kwa malume pa nthawi ya chakudya, apozi lili m'manja. Iwo ndi amene anandionetsa bala lomwe silinaoneke, lomwe limadzatuluka mawa chipatso chili kale m'bokosi.

"Usayang'ane mtundu, iwe. Yang'ana kuwala. Pomwe lagundidwa khungu siliwala mofanana. Ukuona apa, pafupi ndi phesi?"

Ndinaona. Ndinabwerera pampando wanga n'kukaphunzitsa mwana uja. Wandevu uja anasangalala kwambiri, anandigulira chitumbuwa cha nyama.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ndinakonzekera funso langa m'Chingerezi kuyambira m'mawa kuti ndisalakwitse. Ndinati, bwana, makinawa akadzadziwa zonse, nanga anthu a pa lamba? Iye sanakwiye. Anati makinawo abwera kudzathandiza, kuti anthu asamatope. Anati dziko lonse likusintha, ntchito zakale zikupita koma kukubwera zatsopano, zabwino kuposa izi.

"Ntchito zake ziti, bwana?"

Anatambasula manja akumwetulira. Anati zambiri mwa izo palibe amene akuzidziwa panopa, zilibe ndi mayina omwe.

Ndinati zikomo bwana. Ndinaleredwa kuti munthu wamkulu akakuyankha umathokoza.

Nyengo yokolola yotsatira isanayambe, anatiitana tonse pabwalo. Anawotcha nyama yambiri, anagawa zipewa zatsopano, ndipo mwini shedi anayankhula mawu otithokoza. Lemani anandinong'oneza kuti nyama yaulere imamuopsa. Titatha kudya, Madamu ananena, osatiyang'ana m'maso, kuti malamba onse aikidwa mabokosi aja, ndipo chaka chino pafunika anthu ochepa, ongoyang'anira ndi kusesa. Ena onse asabwerenso. Anatchula otsala. Ine ndinalipo. Malume panalibe, Lemani panalibe.

Palibe amene anandimenya kapena kunditukwana. Zikanakhala bwino akanatero. Anthu ankalongedza katundu mwakachetechete, ndipo ndikalowa nkhani inkaduka. Lemani yekha ndi amene anandiyankhula, chikwama chili paphewa.

"Mwana wanu wakhoza mayeso, aphunzitsi. Nambala wani. Mumuuze azitumizako kangachepe kwa ana anga."

Sanaseke, ndipo inenso sindinaseke.

Malume anabwera pomaliza. Anavula kachingwe ka mphete kaja n'kukakoleka pa msomali pamwamba pa bedi langa. Ndinaimirira, ndinafuna kunena kanthu, koma iwo anayamba.

"Mutsale bwino, aphunzitsi. Mugwire ntchito bwino."

Chibadwire changa malume anali asananditchulepo kuti inu. Ndinali iwe, mwana wa mlongo wawo, woti angathe kumutuma, kumukalipira ndi kumukankha pamsana. Ulemu umenewo unandilasa kuposa mbama. Anandiika kunja kwa mbumba ndi kaliwu kamodzi, ndipo sindikanadandaula kwa wina aliyense, chifukwa ndani amadandaula kuti wapatsidwa ulemu?

Ndinakhalako nyengo ina m'nyumba zija zitatsala pafupifupi zopanda anthu. Mabedi anali zitsulo zokhazokha. Ntchito yanga tsopano inali yoona ngati makina alakwitsa. Koma anasiya kulakwitsa. Tsiku lina ndinadina chobiriwira, makina anati chofiira. Ndinaitanitsa apozilo, ndinalitembenuza powala monga anandiphunzitsira malume, linali losalala bwinobwino. Titalidula, m'kati munali mutada. Makinawo anali atayamba kuona m'kati mwa chipatso, komwe diso la bambo anga silinafikeko. Zinachitika kachiwiri, kachitatu, mpaka ndinayamba kuopa kudina.

Pondichotsa anandilemekeza. Wandevu uja anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati ndizinyadira, chifukwa zomwe ndinaphunzitsa makinawo azigulitsanso ku mashedi ena, ngakhale kutsidya kwa nyanja. Anati diso langa tsopano likugwira ntchito m'mayiko ambiri nthawi imodzi, usana ndi usiku. Ndinati zikomo bwana. M'basi yobwerera ndi momwe ndinaganiza bwino mawuwo. Diso langa lili pantchito m'mayiko ambiri, mwini wake ndili pa mpando wakumbuyo ndi chikwama chimodzi.

Ndinayesako kaye ku mashedi ena ndisanakwere basiyo. Kulikonse ndinapeza chibokosi chomwecho pamwamba pa lamba, chikuthwanima. Pa shedi ina mlonda anandiuza monyadira kuti makina awo salakwitsa. Ndinafuna kumuuza kuti ndikuwadziwa kuyambira ali mbuli.

Kumudzi ndinapeza malata a amayi akuwala, koma amayiwo atachepa thupi. Esiteti ija inasiya fodya. Anadzala soya, ndipo amalima ndi kukolola ndi mathirakitala. Nyumba za matenanti zinagwa, pamera chisoso. Shedi yomwe bambo ankasankhiramo fodya amasungiramo mafuta. Anzanga omwe ndinkaimba nawo kwaya, wina ali pa kabaza ku Mponela, wina amagulitsa mayunitsi, ambiri amangokhala pa bawo. Ndipo aliyense, kuyambira ana mpaka madikoni, ankandipatsa moni mofanana: "Mwabwera, aphunzitsi? Mutsegula liti sukulu yanu?"

Tiyamike anali atadikira. Anali atakula, nkhope yake itakhazikika, ndipo sankayang'ananso pansi poyankhula. Tinakumana pa mjigo masana, anthu akuona.

"Mwabwera," anatero. "Ndiye malume anu abwera liti?"

Malume anali atakhazikika kwa akazi awo kumapiri a Ntchisi, akulima mbatatesi pa kamunda kotsetsereka. Chibwerere sanayankhe foni yanga. Ndinapalasa njinga kupita komweko, nditamanga shuga ndi sopo pakaliyala. Ndinawapeza m'mbali mwa msewu akuunjika mbatatesi m'ndowa, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha, manja akuyenda mwachangu ngati kale. Ndinagwada.

"Dzukani, aphunzitsi, mudetsa buluku," anatero osasiya ntchito. "Tikuthandizeni chiyani?"

Ndinafotokoza. Ndinatulutsanso kachingwe ka mphete kaja, ndinali nditakasunga. Anakayang'ana koma sanakalandire.

"Za mbatatesi sizifuna zimenezo." Kenako anati, "Unkhoswe ndi udindo wanga, sindingaukane. Mlongo wanga angalire. Ndipita. Koma mudziwiretu, ine sindikanama. Chomwe akandifunse ndikayankha chomwe ndikudziwa."

Tsiku lomwe anapita anavala jekete lawo la ku Kepi. Mnyamata sakhala nawo pa zokambirana zotere, choncho ndinawaperekeza mpaka pa golosale ya pamphambano n'kudikira pamenepo ndi njinga. Anakhalitsa. Atatulukira sanandiyang'ane, anangoti tiyeni, ndipo tinayenda wapansi ndikukankha njinga. Kenako anayamba okha.

Anati anawalandira bwino, pa mipando ya m'nyumba. Malume ake a Tiyamike, a Mbewe, ndi amene ankayankhula. Anati mnyamatayo amamudziwa, ndi waulemu, samwa, sanamvepo mbiri yoipa. Kenako anafunsa za uphunzitsi uja, kuti satifiketi yake ndi yotani, ndipo angaphunzitse pa sukulu iti kuno. Malume anafotokoza zonse, za mpando, za zithunzi, za nyama yowotcha ija. A Mbewe anamvetsera mpaka pamapeto, nati: zapitazo zapita, ife tikufunsa za kutsogolo. Mwana wathu adzadya chiyani zaka zikubwerazi? Mnyamatayu ali ndi chiyani m'manja chomwe chidzakhalepobe ana akadzayamba sukulu?

"Ndiye munayankha chiyani, malume?"

Anaima pakati pa njira.

"Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ali ndi diso. Ndi zomwe ndakhala ndikunena moyo wanga wonse. Koma mawuwo ndinawabweza. Ndinati, a Mbewe, munda alibe. Fodya watha. Chomwe ndinkadziwa kuti munthu sangalandidwe, ndinaona ndi maso anga chikulandidwa, ndipo ndine ndinamukankha kuti akachipereke. Mukandifunsa za kutsogolo, sindikudziwa. Sindikudziwa za iye, sindikudziwa za ine, ndipo mukandilola kunena, sindikudziwanso za ana a sukulu omwe alamu anu anaphunzitsa."

"Iwo anati bwanji?"

"Anati ayamikira chilungamo. Anati tidikire kaye aone." Anapukuta nkhope ndi chipewa chija anatipatsa tsiku la nyama. "Ndakulakwira iwe. Nkhoswe yanzeru ikananama pang'ono."

Anati iwe. Ndinaimva bwinobwino. Ndinali nditadikira kaliwu kameneko nthawi yonseyi, ndipo kanabwera pa tsiku lomwe kanalibenso ntchito yoti kandigwirire.

Ndinayesetsa m'miyezi yotsatira. Ndinapita ku Lilongwe kukafunsa ku mafakitale, anati tisiyireni nambala. Ndinabwereka kamunda n'kudzala soya, mvula inadula pakati. Kunabweranso anthu a bungwe lina pa sukulu ya pulaimale kudzauza achinyamata za ntchito zam'tsogolo. Anati pali ntchito ya pa foni, yoyang'ana zithunzi n'kumauza kompyuta kuti ichi n'chiyani, ichi n'chiyani. Anzanga onse anatembenuka kundiyang'ana. "Si imeneyo, aphunzitsi? Lembetsani, mutitsogolere!" Ndinafunsa mlendoyo, mwaulemu, kuti kompyutayo ikadzadziwa ndiye chidzatsatire n'chiyani. Anati funso labwino kwambiri, n'kuitana wina.

Tiyamike anabwera yekha kunyumba kwa amayi, zomwe anali asanachitepo. Anakhala pamkeka pakhonde, kathumba ka pulasitiki kali pamiyendo. Amayi anapeza chifukwa chopitira kuseri.

"Akwathu sanandikakamize," anatero. "Ndisakunamizeni. Ndaganiza ndekha."

"Mukanandipatsa chaka chimodzi."

"Ndinakupatsani zaka. Sindikuwerengera, ndinadikira ndi mtima wanga wonse. Koma nthawi ija ndinkadziwa chomwe ndikudikira. Lero ndiuzeni dzina lake. Mungonditchulira ntchito imodzi, yoti tikadzuka chaka chamawa idzakhalapo, ine ndibwerera ndi kathumbaka."

Ndinaganiza. Mulungu ndi mboni, ndinaganiza mofulumira ngati pa lamba. Kabaza, geni ya tomato, ulonda, utelala. Chilichonse ndikachitembenuza powala ndinkaona pomwe chagundidwa. Ndikanatha kungotchula chimodzi. Koma ndine mwana wa mlongo wawo wa a Chikuse, ndipo chomwe chinatuluka pakamwa panga ndi mawu a wandevu uja.

"Akuti zikubwera zatsopano. Kungoti zilibe mayina."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, osakwiya. Kenako anaika kathumba kaja pamkeka, pakati pathu, ndi manja awiri monga anachilandirira. Chitenje chobiriwira chija chinali chisanachapidwepo, pepala la kusitolo likadali pomwepo. Ndolo anazikulunga m'kapepala ka nyimbo za kwaya.

"Mutsale bwino, aphunzitsi," anatero, ndipo iye yekha mwa anthu onse sankanyoza.

Sindinamuperekeze. M'nyumba wailesi ya amayi inali ikulira, akuluakulu ena akuyankhula pa bwalo la masewera mumzinda, kuthokoza anthu ogwira ntchito ndi kulimbikitsa achinyamata kuti akonzekere ntchito za mawa. Kunali tchuthi tsiku limenelo kwa amene ali ndi ntchito yoti apumeko. Chikole changa chinabwezedwa pa 1 Meyi chaka chino, Tsiku la Apantchito.